MOTO WA M'THENGO SUYAKA MOFANANA PALI PONSE

Caka ciri conse mvula ikaleka ndipo udzu ukayamba kuuma, anthu a ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, amaona utsi mbali ziwiri. Kum'mawa, moto umakwera m'mapiri oloza ku Kafue Gorge, ndipo usiku umaoneka ngati mzere wofiira. Kumadzulo, m'madambo aakulu a Kafue Flats, utsi kawirikawiri umacedwerapo. Ambiri amati moto ndi moto basi, koma akatswiri a za nkhalango amati moto umasiyana malinga ndi malo, mvula ya caka cimeneco, mwezi umene wayatsidwa, ndiponso nchito za anthu okhala pamalopo.

Makolo anati moto umapita kumene kwatsala chire. Cakudya ca moto wa m'thengo ndi udzu wouma, ndipo udzu umamera malinga ndi mvula. Ku Cigawo ca Kumpoto, ku Luapula ndi ku Copperbelt, kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pa caka, udzu umatalika kuposa munthu, kotero moto wake umakhala waukali. Kuno ku Kafue mvula imakhala pafupifupi mamilimita 800. M'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, kumene kumatentha kwambiri ndipo mvula imacepa, pansi pa mitengo ya tsanya udzu umakhala wapatalipatali, ndipo moto nthawi zina umazima wokha posowa coupatsira patsogolo.

Pa cifukwa comweci, caka ca mvula yambiri ndico cimabala moto waukulu m'cilimwe cotsatira, pakuti udzu umacuruka. Cirala cimabweretsa vuto la mtundu wina. Monga tinaonera mu 1992, ndiponso mu 2024 pamene Boma linalengeza kuti cirala ndi tsoka la dziko lonse, udzu umauma msanga ndipo madambo amene amatsekereza moto amaphwa nthawi isanakwane. Pamenepo msipu wocepa umene watsala ukapsa, ng'ombe zimasowa podya mpaka mvula itagwa.

Maonekedwe a dziko nawonso ali ndi mbali yake. M'mapiri moto umathamanga pokwera cifukwa malawi amayamba aumitsa udzu wa kumtunda asanaufike, koma potsika umayenda pang'onopang'ono. M'madambo a Kafue Flats, amene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 6,500, madzi osefukira amakhalitsa miyezi ingapo mvula italeka, ndipo udzu supsa kufikira madziwo ataphwa. Koma ukauma, palibe phiri kapena mitengo yoimitsa mphepo, ndiye moto umayenda mtunda wautali tsiku limodzi. Kuyambira pamene anamanga damu la Kafue Gorge ndi la Itezhi-Tezhi, limene linatha mu 1977, kasefukidwe ka madzi kanasintha. Malo ena akhala m'madzi caka conse, ena amauma kuposa kale, ndipo moto umatsata malo oumawo.

Nanga amayatsa motowu ndani? M'miyezi ya cilimwe ziphaliwali siziwomba kufikira mvula itayandikira, kotero pafupifupi moto wonse umacokera m'manja mwa anthu. Aila ndi Atonga oweta ng'ombe m'madambo amatentha udzu wakale kuti pa lupsa paphuke msipu wanthete. Ku Nakambala, m'boma la Mazabuka, amatentha nzimbe asanazidule, koma umenewo ndi moto woyang'aniridwa. Kumpoto, Abemba olima citemene amadula nthambi, kuziunjika ndi kuzitentha mvula itayandikira kuti phulusa likhale manyowa a mawere. Palinso osaka mbewa ndi akalulu, ofula uci, ootcha makala, otentha mapesi m'minda, ndi apaulendo otaya ndudu m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka. Zithunzi zojambulidwa ndi makina ouluka m'mlengalenga zimasonyeza kuti pa maekala 10 ali onse amene amapsa pa dziko lonse lapansi, pafupifupi 7 ali mu Africa muno.

Funso lalikulu ndi lakuti moto wayatsidwa mwezi uti. Yankho lake linapezeka m'dziko mwathu muno. M'zaka za m'ma 1930, a za nkhalango anapatula zigawo za nkhalango ya miombo pafupi ndi Ndola. Cigawo cina ankacitentha caka ndi caka kumayambiriro kwa cilimwe, cina ankacitentha mocedwa ca mu October, ndipo cina sankacitentha konse. Mu 1959 katswiri wina, Colin Trapnell, anafalitsa zotsatira zake. Kumene ankatentha mocedwa, miombo yambiri inafa ndipo panatsala udzu ndi mitengo yocepa yopirira moto, monga mlombwa. Kumene ankatentha msanga, nkhalango inakhalabe ciriri, mosasiyana kwambiri ndi kumene sikunafike moto.

Cifukwa cake ncosavuta kumva. Mu May ndi June udzu ukadali ndi cinyezi, usiku kumazizira ndipo mame amagwa, motero moto umayenda pansi, kudumpha malo ena, ndi kuzima wokha madzulo. Mu September ndi October udzu wauma gwa, mphepo ya kum'mawa ikuomba, ndipo miombo yaphuka kale masamba atsopano. Moto wa nthawi imeneyo umapha mitengo yaing'ono, maluwa a njuci, ndi mazira a mbalame zoikira m'udzu. Umasiyanso nthaka yambee, kotero mvula yoyamba imakokolola dothi la m'mapiri kulowetsa mu mtsinje wa Kafue, umene asodzi a ku Nangongwe amadalira, ndiponso umene umapatsa mzinda wa Lusaka madzi akumwa.

Pali malo ena amene safuna moto wolusa ngakhale pang'ono. Minda ya mitengo ya paini ya ZAFFICO ku Copperbelt, ndi ya ku Chikangawa m'dziko la Malawi, ikagwira moto wa m'cilimwe, nchito ya zaka makumi awiri imatha pa masiku owerengeka. Lamulo la za Nkhalango la 2015 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda cilolezo, ndipo limalolanso anthu a m'midzi kupanga magulu oyang'anira nkhalango za kwao.

Tsono mafumu, nyakwawa ndi alimi nonse, nchito iri m'manja mwanu. Mwetani udzu wofolera nyumba nthawi ikadalipo. Lambulani kuzungulira nyumba, nkhokwe, makola ndi minda ya zipatso mwezi wa June usanathe. Ngati mudzi wagwirizana zotentha thengo, funsani alangizi a za nkhalango, dziwitsani midzi yoyandikana nayo, ndipo tenthani madzulo mphepo itadekha, anthu ali pomwepo ndi nthambi zaziwisi zozimitsira. Oweta ng'ombe atenthe cigawo cimodzi ndi kusiya cina kuti ziweto zisasowe msipu mvula ikacedwa. Mapesi akwiriridwe m'munda kuti awolerane. Ndipo makolo auze ana kuti mbewa zocepa za ndiwo ya tsiku limodzi sizingabwezere nkhokwe ya cimanga ikapsa mu October.