Zoposa zinzake m'nyanja za South Africa

Chipwirikiti chachikulu pagombe la South Africa chimachitika cha m'ma June, nsomba za sadini zikamakwera kulowera ku Durban. Zimabwera zili unyinji wosawerengeka, ma dolphin ndi mashaki akuzithamangitsa pansi, mbalame zikuziwakha kuchokera kumwamba. Nsombazi zikakocheza kumchenga, anthu amathamangirako ndi mabeseni ngati usipa wagwidwa pa Senga Bay. Ndi umodzi mwa misamuko ikuluikulu ya zamoyo za m'nyanja padziko lonse.

Madzi aliwiro koposa ndi a Agulhas, mtsinje wofunda woyenda m'kati mwa nyanja ya Indian, umene pena umapyola mamita 2 pa sekondi. Ukakumana ndi mphepo yakummwera umautsa mafunde othyola sitima. Akatswiri amamiza zida zoyezera liwiro ndi kutentha kwake, poti mvula ya kummwera kwa Africa imadalirako madzi amenewa. Doko lotanganidwa koposa ndi Durban, kumene katundu wina wa ku Malawi ndi Zambia amatsikira.

Nsomba yodabwitsa koposa inakodwa mu December 1938 kufupi ndi East London. Mayi wina, Marjorie Courtenay-Latimer, anaiona pamulu wa nsomba za asodzi, yabuluu, zipsepse zake zonenepa ngati timiyendo. Inali coelacanth, imene akatswiri ankati inatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Mu 2000 nsomba zamoyo za mtunduwu zinaoneka ku Sodwana Bay, pakuya kopyola mamita 100.

Malo otetezedwa a m'nyanja akale koposa ndi Tsitsikamma, a mu 1964. Mu 2019 boma linaonjezera ena 20, gawo lotetezedwa n'kuchoka pa 0.4 kufika pa 5 peresenti. Ndi pang'onobe.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi penguin wa ku Africa, uja alendo amakamujambula ku Boulders Beach. Owerenga zisa chaka ndi chaka anapeza kuti mabanja oswana atsika kufika pansi pa 10,000, ndipo mu 2024 penguin ameneyu anakhala woyamba mwa ma penguin onse kuikidwa pamndandanda wa zamoyo zotsala pang'onong'ono kutheratu. Njala ndiyo ikumupha: sadini amene amadya ndi yemweyo makoka akuluakulu akukokolola. Mu March 2025 khoti lalikulu ku Pretoria linavomereza kuti usodzi wotere utsekedwe kwa zaka 10 kuzungulira malo asanu ndi amodzi amene mbalamezi zimaswanirako, kuphatikizapo Robben Island.