Nsomba za m'thanki ya galasi: mafunso a woyamba kumene

Kwathu kuno nsomba timaidziwa ili m'mbale, pambali pa nsima. Komabe alipo anthu ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ndi kwina amene amaweta nsomba m'thanki ya galasi pabalaza kuti azingoziona. Oyamba kumene nsomba zimakonda kuwafera m'masabata oyambirira, ndipo kawirikawiri vuto silikhala nsombazo koma madzi. Nawa mafunso oyenera kufunsa musanatulutse ndalama.

Funso: Ndikuganiza zoyamba ndi kambale kagalasi kozungulira kaja. Ndi bwino?

Yankho: Kasiyeni m'sitolo momwemo. Madzi ochepa sachedwa kuipa, sachedwanso kutentha kapena kuzizira, choncho thanki yaing'ono ndiyo yovuta kusamala. Yambani ndi ya malita 60 kapena kuposa, ndipo ngati thumba likulola, ya malita 100. Sankhani yotambalala, osati yamsinkhu, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 100, mukaphatikiza galasi ndi miyala, imafika makilogalamu pafupifupi 120. Iikeni pa tebulo lolimba, losapendekeka, kutali ndi zenera, poti dzuwa limachulukitsa ndere.

Funso: Kupatula thanki, ndigulenso chiyani?

Yankho: Fyuluta yosefa madzi, hita, choyezera kutentha kwa madzi, chivundikiro (nsomba zimalumpha), nyali, kapayipi kokokera madzi, mankhwala ochotsa klorini, zoyezera amoniya ndi naitraiti, ndi ndowa yakeyake imene sinalowemo sopo. Wina anganene kuti dziko lathu ndi lotentha kale, hita ndi yachiyani. Ameneyo sanagonepo ku Dedza kapena ku Mzuzu mu June ndi July. Nsomba za m'madera otentha zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, ndipo chimene chimazifooketsa kwambiri ndi kusinthasintha kwa usana ndi usiku. Pogula hita, werengerani wati imodzi pa lita iliyonse ya madzi.

Funso: Ndadzaza thanki, madzi ali oyera bwino. Ndingaike nsomba lero?

Yankho: Ayi, ndipo funso lalikulu m'nkhani yonseyi ndi limeneli. Nsomba imadya, kupuma ndi kuchita chimbudzi m'madzi amodzimodziwo. Kudzera m'makha ake imatulutsa amoniya, ndipo ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamaola zimaonjezera wina. Amoniya ndi poizoni amene amaononga makhawo. M'nyanja amasungunuka m'madzi ochuluka n'kuzimiririka. M'thanki alibe kolowera.

Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala pa siponji ya m'fyuluta ndi pa timiyala tapansi. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala naitraiti. Ameneyunso ndi poizoni: akalowa m'magazi amawalepheretsa kunyamula mpweya, ndipo mumaona nsomba ikupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi ngakhale fyuluta ikugwira bwino ntchito. Gulu lina, makamaka mabakiteriya otchedwa Nitrospira, limasandutsa naitraiti kukhala naitreti, amene savulaza msanga ndipo amachoka mukamasintha madzi. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira, ndipo kuti aswane pamatenga masabata 4 mpaka 6. Poizoni onsewa alibe mtundu, n'chifukwa chake kuyera kwa madzi sikukuuzani kanthu.

Chochita ndi ichi: yatsani fyuluta ndi hita m'thanki yopanda nsomba, tsiku lililonse muziponyamo kachakudya ka nsomba kongotsina ndi zala, kaziola. Muziyeza madzi. Mudzaona amoniya akukwera n'kutsika, kenako naitraiti akukwera n'kutsikanso. Zonse ziwiri zikafika pa 0, thanki yakonzeka. Njira yachidule ilipo, ndipo ikufanana ndi kukapala moto kwa mnansi: pemphani kachidutswa ka siponji ya m'fyuluta ya munthu amene thanki yake ndi yakale ndipo nsomba zake n'zathanzi, mukaike mu yanu kasanaume.

Ngakhale pamenepo musathiremo nsomba zonse nthawi imodzi. Yambani ndi zochepa, papite masabata awiri, muonjezere. Thumba lobwera ndi nsomba muziliyandamitsa m'thanki kwa mphindi 15 mpaka 20 musanalitsegule, kuti kutentha kwa madzi kufanane.

Funso: Madzi ake akhale a pampopi, a pamjigo kapena amvula?

Yankho: A pampopi ndi abwino, bola muchotse klorini, amene amapha mabakiteriya aja ndi kupsereza makha a nsomba. Klorini wamba amauluka madzi akakhala pandowa yosavundikira tsiku lathunthu, koma kumene amathira mankhwala ena otchedwa kloramini kudikira sikuthandiza, pamafunika mankhwala. A pamjigo alibe klorini koma kawirikawiri amakhala ndi mchere wa m'miyala wochuluka, zimene nsomba zina zimakonda pamene zina zimadana nazo. Amvula paokha ndi osadalirika, komanso amatsuka dothi la padenga. Nzeru ndi kuyeza pH (muyeso wa asidi) ya madzi amene muli nawo n'kusankha nsomba zogwirizana nawo, m'malo molimbana ndi madzi kuti agwirizane ndi nsomba.

Funso: Nsomba zabwino kuyamba nazo ndi ziti?

Yankho: Guppy ndi platy n'zopirira ndipo zimakonda madzi okhala ndi mchere wa m'miyala. Guppy kwawo ndi ku Trinidad, Venezuela ndi maiko oyandikana nawo. Siiikira mazira, imabereka tiana tamoyo pafupifupi mwezi uliwonse, ndiye mukasakaniza zazimuna ndi zazikazi konzekerani chikhamu. Zebra danio wa ku India ndi wolimba, amafuna kukhala pagulu la 6 kapena kuposa. Corydoras, kamlamba kakang'ono ka ku South America, amayenda pansi ndipo amafuna mchenga wosalala. Neon tetra wa ku Amazon ndi wokongola zedi koma mudikire thanki ikhalitse. Betta wamwamuna wa ku Thailand sakhala ndi mnzake wamwamuna, amamenyana mpaka wina kuvulala kapena kufa. Goldfish, amene ogulitsa amakonda kupatsa oyamba, ndi nsomba ya madzi ozizira, imakula kwambiri ndipo imadetsa madzi. Musaisakanize ndi enawa.

Funso: Bwanji osangoyamba ndi mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi?

Yankho: Funsoli n'lomveka. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo ya banja la cichlid, momwe muli mbuna, utaka ndi chambo, imaposa 700. Mbuna ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, wamalonda wina dzina lake Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Senga Bay, ndipo lero ku Germany, Britain ndi America kuli anthu amene amadziwa maina a zilumba zathu chifukwa cha nsomba za m'thanki mwawo.

Koma mbuna n'zaukali. Yamphongo imatenga mwala kukhala wake n'kumapirikitsa aliyense wofika pafupi. Zimafuna thanki ya malita 200 kapena kuposa, miyala yambiri yobisalamo, ndi zazikazi zingapo pa yamphongo imodzi. Madzi ake akhale ngati a kunyanja, a pH yoyambira 7.7 mpaka 8.6, ndipo m'madzi otere amoniya amakhala woopsa koposa. Zambiri mwa izo kunyanja zimadya ndere ya pamiyala. Mukazizoloweza chakudya chanyama zimatupa mimba n'kufa. Sizikhala ndi guppy kapena tetra. Ngati mtima wakana kudikira, yofatsirako ndi Labidochromis caeruleus yachikasu, ya kufupi ndi Nkhata Bay. Ine ndimati munthu ayambe wazolowera thanki ya nsomba zofatsa, kenako adzasangalale kuona mbuna yaikazi itasunga mazira m'kamwa masabata atatu osadya. Musakazigwire nokha kunyanja: m'dera la paki n'zoletsedwa, ndipo za chilolezo mukafunse ku nthambi ya boma yoona za usodzi.

Funso: Ndizizidyetsa kangati?

Yankho: Kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya choti zimalize m'mphindi ziwiri. Nsomba imaoneka yanjala nthawi zonse, musaimvere chisoni. Ana ndi alendo muwauziretu.

Funso: Nanga kutsuka thanki?

Yankho: Sabata iliyonse kokani madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapayipi kakuyamwa zinyalala za pansi, mubwezeremo ena opanda klorini, otentha mofanana. Musakhuthule thanki yonse n'kuikwecha. Siponji ya m'fyuluta muziifinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo. Mukaitsuka pampopi, klorini apha mabakiteriya, ndipo masabata odikira aja mwayambanso.

Funso: Magetsi akathima kwa maola ambiri nditani?

Yankho: Musadyetse nsomba. Fundikani thanki bulangete ngati kukuzizira. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamathandiza kwambiri, ndipo ngati mulibe, tungani madzi a m'thanki ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba pafupipafupi. Mabakiteriya a m'fyuluta nawonso amafuna mpweya, choncho tulutsani siponji muiike m'thanki. Thanki ya nsomba zochepa imapirira kuthima kwa magetsi kuposa yodzaza.

Funso: Nsomba yatuluka timadontho toyera pathupi ndi pa zipsepse. N'chiyani?

Yankho: Ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius, kamene kamakonda kubwera ndi nsomba zatsopano n'kugwira zofooka ndi kuzizidwa. Mankhwala ake amakapha pokhapokha katachoka pansomba n'kumayandama m'madzi, ndiye pitirizani kuthira monga mwa malangizo ngakhale timadonthoto tatha.

Funso: Zikachuluka, kapena ndikatopa nazo, ndingakazitaye mumtsinje?

Yankho: Musayerekeze. Nsomba ya Nile perch itaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, inathandiza kutha mitundu pafupifupi 200 ya cichlid ya kumeneko. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa madamu. Mitsinje ya Lilongwe, Linthipe ndi Bua madzi ake amathera m'nyanja ya Malawi. Nsomba zotsala mupatse woweta mnzanu kapena mubweze kwa wogulitsa, zomera za m'thanki muziumitse padzuwa musanataye, ndipo madzi osintha muzithirira kudimba, osati mu ngalande.