WANCHITO WA M'NYUMBA: PANGANO LIYAMBE, TSACE LITSATIRE

M'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, misewu yocokera m'makomboni a mu Lusaka imadzala ndi amai ndi atsikana opita kukasesa, kukolopa ndi kucapa m'nyumba za anthu ena. A ku Kalingalinga ndi Mtendere amalowera ku Kabulonga, a ku Ng'ombe amapita ku Roma, ndipo a ku Bauleni amalunjika ku Woodlands. Ku Chipata, ku Kabwe ndi m'mizinda ya ku Migodi zinthu ziri cimodzimodzi. Popeza masiku ano bambo ndi mai onse awiri amalawirira ku nchito, mabanja ambiri sangathe kusamala nyumba popanda munthu wowathandiza.

Cobvuta n'cakuti kawirikawiri nchito imeneyi imayamba ndi kumwetulira koma imatha ndi mkangano. Mwini nyumba amadandaula kuti wanchito ndi waulesi. Wanchito nayenso amadandaula kuti analembedwa kuti azisesa cabe, koma tsopano akuphika, akulera mwana, akutsuka galimoto ndiponso akuthirira ndiwo kudimba, malipiro ali omwewo. Munthu akaifufuza bwino milandu yotere amapeza kuti gwero lace ndi limodzi: pa tsiku loyamba panalibe cimene anthu awiriwo anapangana momveka. Mwini nyumba anangoti, "Mudzayambe Lolemba," wofuna nchito nabvomera, aliyense ali ndi zace mumtima.

Cizolowezi cakale

Kusapangana kumeneku kuli ndi mbiri yace. M'nthawi ya atsamunda, dziko lino likuchedwa Northern Rhodesia, anchito a m'nyumba za Azungu ambiri anali amuna: akhukhi, ocapa ndi osamala maluwa. Mai Karen Tranberg Hansen, katswiri wofufuza za cikhalidwe ca anthu, analongosola zimenezi m'buku lace lochedwa Distant Companions, limene linasindikizidwa m'caka ca 1989 ndipo likamba za anchito ndi mabwana ao m'Zambia kucokera mu 1900 kufikira mu 1985. Masiku amenewo bwana ndiye anali kulankhula, wanchito anali kungomvera. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko analowa m'nyumba zazikulu zija nayamba kulemba anchito ao, ndipo pang'ono ndi pang'ono nchitoyi inasanduka ya akazi. Koma cizolowezi cakuti wanchito safunsa kanthu cinatsalira m'nyumba zambiri.

Lamulo linasintha zimenezi. M'caka ca 2011 Boma linaika kwa nthawi yoyamba malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba, amene anali K250,000 pa mwezi m'ndalama zakale zija. M'caka comweco, pa 16 Juni, bungwe loona za anchito pa dziko lonse la ILO linabvomereza pangano la nambala 189 ku Geneva, lonena kuti nchito ya m'nyumba ndi nchito monga ina iriyonse. Lero wosesa m'nyumba ali ndi ufulu wolembedwa m'malamulo, ndipo womulemba ali ndi udindo umene sangauthawe ponena kuti sanadziwe.

Kupeza munthu woyenera

Safunsa anadya phula. Banja lofuna wanchito liyenera kuyamba ladzifunsa lokha kuti likufuna munthu wotani. Kodi ndi wobwera tsiku ndi tsiku, wogona pomwepo, kapena wobwera masiku awiri okha pa sabata kudzakolopa ndi kucapa? Nyumba ya zipinda ziwiri yopanda ana siifuna nchito yofanana ndi nyumba ya zipinda zisanu yokhala ndi makanda.

Ambiri amapeza wanchito kupyolera mwa mnansi, mnzao wa ku chalichi kapena wacibale. Ena amapita ku maofesi ophunzitsa ndi kupezera nchito anchito a m'nyumba, amene alipo m'Lusaka ndi m'mizinda ina. Njira iriyonse imene banja lasankha, ndi bwino kuona citupa ca NRC ca munthuyo, kudziwa kumene akhala, ndi kulemba dzina la mbale wace amene angauzidwe ngati pagwa ngozi. Ngati anagwirapo nchito kwina, mwini nyumba alankhule yekha ndi bwana wakaleyo, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Wofuna nchito nayenso ali ndi ufulu wofunsa anansi za banja limene akupitako, ngati limalipira pa nthawi yace ndiponso cifukwa cimene wanchito woyamba anacokera.

Pali cinthu cimodzi cimene lamulo linaletseratu: kulemba mwana wosakwana zaka 15 kuti akhale wanchito wa m'nyumba. Kutenga kamtsikana kumudzi ndi lonjezo lakuti kadzaphunzira sukulu m'tauni, kenaka n'kukasandutsa kocapa matewera, ndi kulakwira mwanayo ndi makolo ace.

Nchito ichulidwe ndi dzina

Mau akuti "kusamala nyumba" ndi otambalala ngati dambo. Kwa wina atanthauza kusesa, kukolopa ndi kupukuta fumbi. Kwa wina aphatikiza kucapa, kusita, kutsuka mbale, kuphika nsima ya masana ndi kukatenga ana ku sukulu. Motero mwini nyumba ayende ndi wanchitoyo cipinda ndi cipinda pa tsiku loyamba, nachule nchito iriyonse ndi dzina lace.

Nchitozo zigawidwe patatu. Pali za tsiku ndi tsiku, monga kusesa, kukolopa, kutsuka mbale ndi kuyeretsa cimbudzi ndi bafa. Pali za pa sabata, monga kucapa nsalu za pabedi, kupaka kobra pansi ndi kupukuta mawindo. Ndipo pali za apo ndi apo, monga kucapa makatani ndi mabulangete, kutsuka firiji ndi kucotsa akangaude kudenga. Nchito zolemera zotere sizingaunjikidwe pa tsiku limodzi ndi zocapa za banja lonse.

Kusita nakonso kuwerengedwe monga nchito yaikulu. M'dziko lino zobvala zoyanikidwa panja zimafuna nsimbi yotentha, makamaka m'nyengo ya dzinja, cifukwa pali nchenche ina imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa, ndipo mphutsi zace zimalowa pakhungu la munthu. Conco zobvala za ana ndi za pabedi zomwe ziyenera kusitidwa, ndipo zimenezi zimadya maola. Pamene magetsi akuzimazima, monga zinacitikira m'caka ca 2024 madzi atacepa ku Kariba, banja linene ngati wanchito adikire magetsi kapena asite ndi nsimbi ya makala.

Zimene wanchito sayenera kucita zinenedwenso. Mabanja ambiri safuna kuti munthu wina alowe m'cipinda cogona ca bambo ndi mai, ndipo mwambo wa makolo sulola kuti mlendo acape zobvala zam'kati za eni nyumba. Zoterezi zikanenedwa poyamba, palibe amene amacita manyazi pambuyo pace. Ngati m'kupita kwa nthawi pabadwa mwana kapena pabwera nkhalamba yodwala, imeneyo ndi nchito yatsopano yofuna kukambirana kwatsopano ndi malipiro oonjezera.

M'nyumba mukhalenso munthu mmodzi wopereka malangizo. Wanchito amene mai amuuza kuti acape, bambo namutuma ku msika, ana namuitana kuti awapangire tiyi, sangatsirize kanthu, ndipo madzulo onse atatu adzamuimba mlandu.

Maola ndi malipiro

Lamulo la za nchito la caka ca 2019, lochedwa Employment Code Act, linaika maola 48 pa sabata. Maola opyola pamenepo amalipiridwa kamodzi ndi theka, ndipo nchito ya pa tsiku la chuthi ca dziko kapena pa tsiku lopumula imalipiridwa kawiri. Wanchito amapezanso masiku awiri a chuthi colipiridwa pa mwezi uliwonse umene wagwira. Wogona panyumba ndiye amaponderezedwa kwambiri pa nkhani ya maola, popeza amadzuka woyamba nagona wotsiriza. Iyenso auzidwe ola loyambira, ola lowerukira ndi tsiku lace lopumula.

Malipiro ocepetsetsa akhala akukwera. M'caka ca 2012 anafika pa K522,400, ndiye kuti K522.40 ndalama zitasinthidwa mu 2013. Mu 2018 anakwera kufika pa K993.60. Kuyambira pa 1 Januwale 2024 anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndiko kuti K1,100 ya malipiro ndi K200 ya ulendo, imene imaperekedwa kwa wokhala kutali kopyola makilomita atatu kucokera kumene agwira nchito. Imeneyi ndi ndalama yoyambira cabe. Munthu wodziwa nchito, kapena wosamala nyumba yaikulu, ayenera kulandira yoposa pamenepo. Popeza Boma limasintha ndalamazi nthawi ndi nthawi, wolemba nchito afunse ku ofesi ya za nchito ya m'boma lace asanachule mtengo.

Tsiku la malipiro lidziwike ndipo lisasunthe, cifukwa wanchitoyo ali ndi lendi ku komboni ndi ana ofuna unga. Zobvala zakale ndi cakudya cotsala ndi mphatso, sizilowa m'malo mwa ndalama. Wobwera masiku owerengeka pa sabata apangane za mtengo wa tsiku limodzi, za ndalama ya minibasi, ndiponso za cimene cidzacitika ngati eni nyumba acoka osamuuza iye nafika pa geti yotseka.

Palinso za ukalamba. Wanchito wa m'nyumba ayenera kulembetsedwa ku NAPSA, kumene bwana amapereka magawo asanu pa zana lirilonse la malipiro, wanchito naperekanso asanu. Pa K1,300 imeneyi ndi K65 mbali iriyonse. Ndi ndalama yocepa pa mwezi, koma ndiyo idzamuthandiza msana ukadzakana kuwerama.

Zipangizo, cakudya ndi ulemu

Tsace, cikolopa, ndowa, sopo ndi mankhwala oyeretsera ndi za mwini nyumba kugula. Iye asonyezenso kagwiritsidwe ka zinthu zimene wanchito sanazionepo, monga makina ocapira kapena mbaula ya gasi. Pa mankhwala pafunika cenjezo lamphamvu: Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira cimbudzi, cifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umapweteka mapapo, makamaka m'cipinda cotseka. Magolovesi a mphira ndi eproni zimateteza manja ndi zobvala za wanchito.

Nkhani ya cakudya ndiyo imabala cidani ca cinunu. Banja linene ngati wanchito adzamwa tiyi ndi kudya nsima pomwepo, ndiponso zakudya zimene angatenge yekha osapempha. Si kwabwino kuti munthu wophikira banja nyama adye nsima yace ndi mcere kuseri kwa nyumba. Zinenedwenso za makiyi, za alendo ace, za kulankhula pa foni nthawi ya nchito, ndi za tsiku la maliro kapena la ku cipatala. Ndalama ndi zinthu za mtengo wapatali zitsekeredwe, kuti kanthu kakasowa munthu wosalakwa asanamiziridwe. Mbale ikasweka mwangozi, wanchito anene msanga, ndipo bwana asathamangire kudula malipiro.

Ulemu umaonekera pa kaitanidwe. Mai wa ana ace saitanidwa kuti "iwe mtsikana". Aitanidwe ndi mfunda wace, monga Naphiri kapena Nabanda, kapena ndi dzina la mwana wace monga acitira kwao, ndipo ana a panyumba aphunzitsidwe kunena kuti "anti" kapena "amai". Colakwa cikapezeka, cinenedwe tsiku lomwelo, pa awiri, osati pamaso pa ana kapena alendo.

Pepala ndilo mboni

Zonsezi zikakambidwa, zilembedwe. Lamulo la 2019 lija likuti pangano la nchito la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kukhala lolembedwa. Ngakhale pangano la pakamwa, wolemba nchito ayenera kusunga colembedwa ca zimene anagwirizana. Pakabuka mlandu iye nalephera kucionetsa, mau a wanchito ndiwo amalandiridwa monga umboni, pokhapokha bwanayo atatsimikizira bwalo kuti si conco. Kotero pepala limateteza mbali zonse ziwiri.

Sipafunika loya. Tsamba limodzi ndi lokwanira, lolembedwa m'cinenero cimene onse awiri akumva, lochula maina, tsiku loyambira, nchito, maola, malipiro ndi tsiku lace, chuthi ndi cakudya. Onse asaine, aliyense nasunga lace. Pakhalenso kabuku kosainamo malipiro mwezi ndi mwezi.

Lamulo limalola nthawi yoyesana yosapyola miyezi itatu, imene ingaonjezedwe ndi miyezi ina itatu. M'nthawi imeneyi ndi bwino kukhala pansi pa kutha kwa sabata loyamba ndi pa kutha kwa mwezi, kuti aliyense anene cimene cikuyenda ndi cimene cikubvuta. Ngati afika posiyana, pakhale cifukwa comveka, ndipo pa pangano lopyola miyezi itatu cidziwitso ndi ca masiku 30. Mkangano ukakanika panyumba, ofesi ya za nchito ndiyo imaweruza poyamba.

Banja limene lapereka makiyi a nyumba yace kwa munthu lamupatsa cinthu cacikulu, ndipo munthu amene wasiya ana ace ku komboni kukasamala nyumba ya eni waperekanso cacikulu. Ola limodzi la kukambirana pa tsiku loyamba, ndi tsamba limodzi losainidwa, ndizo zimacititsa kuti anthu awiriwa akhale pamodzi zaka zambiri, ndi kuti tsiku losiyana likafika atsazikane mwaulemu.