Ulendo wapanjinga ku Spain wayandikira, koma tulo tathawa

Bambo wina wa zaka 59, yemwe adapuma pantchito yauphunzitsi, wandilembera kalata yaitali ndipo sabata ino tikhala pankhani yake yokhayi. Mwana wawo wamkazi amene akugwira ntchito ku Britain wawagulira tikiti ya ndege kuti akapalase naye njinga m'dziko la Spain, kuchoka mumzinda wa León kukafika ku Santiago de Compostela. Kwatsala miyezi itatu. Bambowa akuti uthengawo utangofika adavina, koma pano tulo sakutiona, mtima ukumagunda ngati ng'oma pakati pa usiku, m'mimba mukumaotcha, ndipo mayi akunyumba ayamba kunena kuti mwina ndi thupi likuwachenjeza kuti asapite. Amamwa mankhwala a BP. Akufunsa ngati kuli bwino kungolephereratu.

Bambo, musafulumire kubweza tikitiyo. Tiyeni tiyambe taona kukula kwa chinthu chomwe mukuopacho.

Njira imeneyi amaitcha Camino de Santiago, ndipo Akhristu akhala akuyendamo kwa zaka zoposa 1,000 popita kutchalitchi chachikulu chomwe amakhulupirira kuti muli manda a Yakobo mtumwi. Mu 2024 mokha anthu pafupifupi 500,000 adalandira satifiketi yoti amaliza ulendowu. Woyenda pansi amafunika kukwanitsa makilomita 100, wapanjinga 200. Kuchoka ku León ndi makilomita pafupifupi 310, ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa. Mukaugawa m'masiku asanu ndi limodzi ndiye kuti makilomita 50 ndi pang'ono patsiku. Midzi ili pafupipafupi, malo ogona alipo, ndipo mivi yachikasu yolozera njira adailemba m'makoma ndi m'miyala. Simukupita kuchipululu.

Komabe sindikunamizani kuti nkosalala. Pali zitunda ziwiri zoti muzilemekeze. China ndi cha Cruz de Ferro, mukadutsa tauni ya Astorga, pomwe pali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Chinacho ndi cha O Cebreiro, mamita pafupifupi 1,300, ndipo mumachikwera kuchokera pansi penipeni kuchigwa. Kutalika kokhako kusakuopseni, boma la Dedza lili pamwamba kuposa pamenepo ndipo anthu amapuma bwinobwino. Chotopetsa nkukwerako. Kutsika njinga nkumaikankha si manyazi. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtsetse wochoka pa Cruz de Ferro kutsikira ku Molinaseca, chifukwa ngwautali, wokhotakhota, ndipo munthu wotopa amatayirira.

Tsono za mtima ukugundawo. Munthu akamaganizira chinthu choopsa, thupi silisiyanitsa pakati pa mkango weniweni ndi mkango wa m'maganizo. Limatulutsa adrenaline m'magazi, mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, m'kamwa mumauma, m'mimba mumasokonekera mpaka ena kumathamangira kuchimbudzi. M'zaka zanga zaunamwino ndidaona zimenezi pa amuna amphamvu zawo usiku woti mawa akupita kuthiyeta, ndipo nokha mudaziona pa ana asukulu m'mawa wa mayeso. Si malodza. Vuto nlakuti munthu akamva mtima ukugunda amayamba kuopa mtimawo, mantha nkuonjezekera, mtima nkuthamangirathamangira.

Koma ndisakunyengeni, pali kugunda kwina komwe si nkhawa. Chidziwitso chake nchakuti za nkhawa zimabwera mukangokhala kapena mutagona, ndipo mukadzuka nkuyamba kugwira kantchito zimachepa. Za matenda a mtima kawirikawiri zimabwera mukamagwira ntchito yolemetsa: pachifuwa kulemera ngati wina wakukhalirani, ululu kutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, kubanika pachitunda chomwe kale mumakwera mukucheza, chizungulire, kukomoka, kapena miyendo kutupa. Ngati chimodzi mwa izi chikukuchitikirani, ikani njinga pakhonde mupite kuchipatala lero lomwe, za ku Spain tikambirana pambuyo.

Ngakhale musakumve chilichonse mwa zimenezi, pitani kwa dotolo sabata ino, osati sabata yonyamuka. Muwauze mosabisa kuti mukufuna kupalasa makilomita 50 patsiku kwa sabata yathunthu. Akuyezeni BP, shuga ndi magazi, ndipo ngati nkotheka ajambule kagundidwe ka mtima pamakina a ECG. Mufunsenso za mankhwala anuwo. Ena monga HCTZ amakodzetsa, ndiye mukaphatikiza ndi thukuta la tsiku lonse madzi amatha msanga m'thupi ndipo mutha kuchita chizungulire potsika panjinga. Ena monga atenolol ndi propranolol amaletsa mtima kuthamanga, choncho mumatopa msanga pachitunda. Musasiye kapena kuchepetsa nokha, dotolo ndiye aone. Awerengi omwe muli ndi shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, dziwani kuti kupalasa kumatsitsa shuga, m'thumba musamasowe masiwiti. Jakisoni wa kafumbata ngati padutsa zaka 10 chibayireni, kabayitseninso, poti wapanjinga sachedwa kusupuka. Dzino lomwe lakhala likukunong'onezani kalichotseni kapena kalimateni konkuno.

Mankhwala onse, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, mutenge okwanira ulendo wonse nkuonjezerapo a sabata imodzi kapena ziwiri. Akhale m'mabokosi awo enieni, osati m'kapepala kopindapinda, ndipo akhale m'chikwama cham'manja chifukwa sutikesi imatha kutsalira pabwalo la ndege lina. Dotolo akulembereni kalata m'Chingerezi yotchula matenda anu ndi dzina lenileni la mankhwala.

Pali chinthu chimodzi chomwe mwana wanu ndi anzake a ku Ulaya sangakukumbutseni: malungo. Udzudzu ukhoza kukulumani kuno sabata yonyamuka, malungo nkudzatulukira muli pakati pa ulendo, poti amatenga masiku 7 mpaka 30 kuti aonekere. Ku Spain malungo adatha kalekale, ndipo dotolo wa m'tauni yaing'ono sangayambire kuganiza za iwo. Choncho mukamva kutentha thupi, kuphwanya kapena litsipa, musati nkutopa ndi njinga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, nenani kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna kuyezedwa malungo. Mwezi wonse musananyamuke muzigona m'neti osaphonya.

Tibwere kumiyendo. Mankhwala enieni a nkhawa yanuyi ali panjinga pomwepo, chifukwa thupi lotopa bwino limagona, ndipo munthu yemwe wapalasapo makilomita 50 saopanso nambalayo. Yambani ndi makilomita 10 kapena 15 katatu pasabata, nkumaonjezera pang'onopang'ono. Ukamatha mwezi wachiwiri mukhale mutafika pa 40. M'mwezi wachitatu yesani kupalasa masiku awiri kapena atatu otsatizana, chifukwa chomwe chimagwetsa anthu paulendo wotere si tsiku loyamba ayi, koma kudzuka tsiku lachitatu matako akuwawa nkukweranso. Sakani chitunda cha kwanuko muzichikwera, mutamanga katundu pakaliyala wolemera ngati yemwe mukanyamule. Liwiro labwino ndi lomwe mungathe kulankhula mukupalasa. Sabata yomaliza pumulani.

Ngati mudazolowera njinga yathu ija yopanda magiya, bwerekani yamagiya muiphunzire panopa. Ambiri amalakwitsa poika giya yolemera nkumakankha mwamphamvu ngati akuponda matope oumbira njerwa, mapeto ake mawondo kutupa. Giya yopepuka, miyendo izizungulira msanga. Chishalo chikhale chokwera moti mukaika chidendene pa pedulo ili pansi, mwendo uwongoke. Anyamata akabaza angakuuzeni zambiri pa izi kuposa ine, ndipo akuphunzitseninso kumata chubu ndi kubwezera tcheni. Safunsa adadya phula.

Nkhani yotsatirayi ena aiona ngati yolaula, koma namwino sachita manyazi. Pokhalira ndi m'mphechepeche ndi pomwe pamathetsa maulendo ambiri. Thukuta ndi kukhulana zimabweretsa zilonda ndi zithupsa. Mwana wanu akugulireni makabudula awiri a opalasa njinga, okhala ndi kansalu kofewa mkati. Amavalidwa opanda kabudula wamkati, chifukwa msoko wake ndi womwe umacheka khungu. Pakani Vaseline musananyamuke, mukafika sambani msanga, chapani kabudulayo, mawa muvale winayo. Mukamva dzanzi kumaliseche kapena kuzala zakumapeto za dzanja, imani, sinthani kakhalidwe ndi kagwiridwe ka handulo. Dzanzi losatha mpaka m'mawa likutanthauza kuti njingayo siidakukhaleni bwino, ikonzedwe.

Madzi muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo mkodzo ndiwo ukuuzeni: ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi, mwachepetsa. Mapaketi angapo a Thanzi ORS salemera, atengeni. Chakudya musayembekeze nsima. Kuli buledi, mbatatesi, mpunga, mazira, nsomba, ndipo chamadzulo amadya mochedwa, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, pomwe masitolo ambiri a m'midzi amatseka masana. Muzigula nthochi ndi buledi m'mawa. Mtedza wokazinga mutha kunyamula, koma nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union saloleza kulowa nazo. Chigawo cha Galicia, komwe kuli Santiago, nchamvula ngakhale nyengo yotentha, ndiye jekete yamvula isatsale.

Tsopano tcherani khutu apa, chifukwa mwa zonse zomwe mwalemba m'kalata yanu, ngozi yeniyeni simudaitchule. Ku Spain magalimoto amayenda kumanja. Mutu umadziwa, koma thupi lomwe lakhala likuyenda kumanzere zaka 59 limabwerera kwawo lokha, makamaka m'mawa ponyamuka, pochoka pamalo opumira, ndi pa raundabauti. Mangani kansalu kofiira kudzanja lamanja la handulo kuti kazikukumbutsani. Chinanso, njinga zambiri za kumeneko buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanzere, mosiyana ndi zambiri zomwe tidazolowera kuno ndi ku Britain. Mukafinya yakutsogolo mwamphamvu pamtsetse mukuyesa ndi yakumbuyo, mudzauluka kudutsa pahandulo. Ngati njinga mukabwereka komweko, yesani mabuleki pabwalo musanalowe mumsewu, kapena pemphani makaniko awasinthe mbali. Chipewa choteteza mutu ndi lamulo m'misewu ya kunja kwa matauni, ndipo ngakhale likadapanda kukhala lamulo ndikadakuuzani kuti muvale. Ndidasamalirapo anthu ovulala m'mutu okwanira.

Za mapepala ndidutsa mwachangu poti mwana wanu akuzidziwa. Mufunika viza ya Schengen, ndipo ya ku Britain siigwira ntchito ku Spain. Pasipoti ikhale yoti ikadali ndi miyezi itatu kapena kuposa kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke kumeneko. Pofunsira vizayo amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera 30,000 euro. Apa werengani bwino: muwauze a inshuwalansi kuti muli ndi BP komanso kuti mukukapalasa njinga, chifukwa mukabisa adzakana kulipira tsiku lomwe mwagonekedwa. Yambani kufunsira viza panopa. M'ndege, poti ulendo ngwa maola ambiri, muzidzuka nkuyendayenda ndi kugwedeza mapazi kuti magazi asaundane m'mitsempha ya m'miyendo. Nambala yoitanira ambulansi kapena apolisi ndi 112, ndipo njaulere.

Nanga usiku uno mugona bwanji? Tengani kope, mudali mphunzitsi. Madzulo dzuwa lisanalowe lembani chilichonse chomwe chikukuopsani, ndipo pambali pake lembani chomwe muchite ndi tsiku lake. Chomwe chilibe chochita, monga kuopa kuti ndege igwa, chisiyeni chili chokha pamzere wake. Maganizo akabwera pakati pa usiku, auzeni kuti adalembedwa kale. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Tulo tikakana ndithu dzukani mukhale pampando, osamangogubuduzika pabedi mukuyang'ana wotchi. Tiyi wamphamvu ndi khofi zilekeni ikakwana 2 koloko masana. Mowa si mankhwala a tulo, ndipo Valium wopemphetsa kwa anzanu ayi ndithu, amazolowereka komanso amasiya munthu ali wodzandira m'mawa. Ngati patatha masabata awiri kapena atatu mukadali osagona, chakudya sichikulowa, kapena simukusangalalanso ndi chilichonse, kauzeni dotolo zimenezonso, chithandizo chilipo.

Mwana wanuyo mumuuze zoona. Ndikudziwa kuti abambo ambiri safuna kuoneka ofooka pamaso pa ana awo, makamaka mwana ataononga ndalama zake. Koma gwirizanani musananyamuke kuti tsiku lomwe thupi lakana mupuma, kapena mukwera takisi mpaka tauni yotsatira. Kuli makampani onyamula zikwama kuchoka pamalo ogona kukasiya pena, choncho simukakamizidwa kukwera O Cebreiro ndi katundu yense. Malo ogona muwasungitsiretu, chifukwa nyumba zina za apaulendo zimayamba zalandira oyenda pansi, apanjinga nkumadikira mpaka madzulo.

Mayi akunyumba musawatsutse, nawonso ali ndi mantha awo. Atengeni popita kwa dotolo akamve okha zotsatira. Alembereni papepala maina a matauni omwe mukagone ndi masiku ake, alimate pakhoma. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Spain imafanana ndi ya kuno, ndiye panganani kuti 7 koloko iliyonse madzulo muziwaimbira. Kunoko kudzakhala kutada kale, koma mu Juni kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko, choncho adzakuonani nkhope bwinobwino pafoni.