Chimene chinkagwira dzulo chigwirenso lero

Ndikauza anthu kuti ndimagwira ntchito pa Linux, ambiri amaganiza kuti ndimangokhalira kupanga zinthu zatsopano. Zoona zake n'zakuti nthawi yanga yambiri imathera pofufuza chimene chawononga chinthu chomwe chinali bwinobwino.

Linux ndi kernel, mtima wa kompyuta umene umalumikiza mapulogalamu ndi batire, sikirini, kiyibodi ndi zina zotero. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android. Aliyense akhoza kuwerenga momwe inalembedwera ndi kutumiza chigamba, chimene timati patch. Ndiye anthu amadabwa: manja ochuluka chonchi, chinthucho sichiphwasuka bwanji?

Chimaphwasuka ndithu, koma pali dongosolo. Kernel yatsopano imatuluka pakapita masabata 9 kapena 10. Masabata awiri oyambirira chitseko chimakhala chotsegula ndipo zigamba zoposa 10,000 zimalowa. Kenako Torvalds amatseka, n'kumatulutsa zoyesera sabata iliyonse, kuyambira rc1 mpaka rc7, nthawi zina rc8. M'masabata amenewa chofunika ndi kukonza zolakwika basi.

Cholakwika chimene timachiopa kwambiri ndi regression, kuwonongeka kwa chinthu chimene chinkagwira bwino. Cholakwika chakale anthu anachizolowera, amadziwa mochizembera. Koma munthu akaika kernel yatsopano n'kupeza kuti chosindikizira chake chasiya kugwira ntchito, mawa sadzaikanso, ndipo adzaphonya zokonza zonse zomuteteza kwa akuba a pa intaneti. N'chifukwa chake Torvalds salola kuti kusintha kwa mu kernel kuwononge mapulogalamu a anthu, ngakhale kusinthako kukhale kwanzeru chotani.

Tsiku lina munthu wina anatilembera kuti laputopu yake ikagona siikudzukanso. Akatsegula chivundikiro, sikirini ili bii. Kernel yakale inalibe vutoli. Pakati pa ziwirizo panali zigamba masauzande, ndiye wolakwa ndani? Apa timagwiritsa ntchito git bisect. Git ndi pulogalamu imene Torvalds analemba mu 2005 yosunga mbiri ya kusintha kulikonse. Umaiuza kernel yabwino ndi yoipa, iyo imakupatsa yapakati. Umayesa, n'kuiuza ngati vuto lilipo. Theka la zigamba limachoka pa mndandanda, n'kukupatsanso yapakati pa zotsalazo. Zigamba 16,000 zimatha ndi maulendo 14 okha. Koma ulendo uliwonse ndi kumanga kernel, kuyatsa, kugoneka laputopu, kudikira. Ine laputopu yamtunduwo ndinalibe. Mwiniwakeyo, amene sanali katswiri n'komwe, anachita zonsezi yekha madzulo atatu, ine ndikungomulangiza.

Chigamba cholakwacho chinali chabwino, chinkapulumutsa batire pa makompyuta ena. Tinachichotsabe. Mwini chigambacho zinamuwawa, ndipo ndinamumvetsa, koma ndimagwirizana ndi lamulo la Torvalds lija ndi mtima wonse. Batire ikhoza kudikira chigamba chokonzedwa bwino, pomwe munthu amene laputopu yake yafa ali ndi ntchito mawa m'mawa.

Chokonzacho chikalowa mu kernel ya Torvalds, chimayenera kufikanso kwa amene akugwiritsa ntchito makernel akale. Imeneyo ndi ntchito ya Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, oyang'anira nthambi zotchedwa stable. Malamulo awo ndi okhwima: chigamba chikhale chaching'ono, chosapitirira mizere 100, chikonze vuto lenileni, ndipo chikhale chitalowa kale ku tsinde, mu kernel ya Torvalds. Lamulo lomalizali ndi loti munthu akadzasamukira ku kernel yatsopano asakapezenso vuto lomwe linakonzedwa kale.

M'munsi mwa chigamba chilichonse timalemba amene anathandiza. Pa chija chochotsa cholakwacho, dzina la mwini laputopu linalembedwa kawiri: pa mzere wa amene anapeza vuto ndi pa mzere wa amene anayesa chokonzacho. Mizere iwiriyo ikadali m'mbiri ya Linux mpaka lero.