MASEWERA A PA KOMPYUTA: KODI A KU KAPATA ADZANGOKHALA OSEWERA CABE?

Munthu akayenda madzulo m'komboni ya Kapata mu mzinda wa Chipata, sukulu zitaweruka, sangalephere kumva phokoso locokera m'tizipinda tina ta pafupi ndi msika. M'menemo mumadzaza anyamata, ena akali ndi yunifomu, maso ali pa wailesi ya kanema, zala zili kalikiliki. Amalipira ndalama pang'ono kuti asewere mpira wa pa PlayStation kwa mphindi zowerengeka, ndipo wogonja amanyamuka kusiyira mnzake malo. Amene alibe ndalama amaima kumbuyo nkumalangiza, monga momwe amacitira akuluakulu oonerera nsolo pansi pa mtengo wa mango.

Makolo ambiri sakondwera nazo, ndipo cifukwa cao ncomveka. Aona ana akuiwala homuweki, aona ndalama ya ndiwo ikusowa m'nyumba, ndipo ena sasiyanitsa masewera amenewa ndi makina a njuga aja ochedwa bonanza, amene asaukitsa mabanja. Njuga ndi njuga, ndipo iyenera kudzudzulidwa. Koma masewera a pa kompyuta ndi cinthu cina. Ndi katundu wopangidwa ndi anthu, monga njinga kapena khasu, ndipo pali anthu amene amadyera nchito yowapanga. Cimene ciyenera kudetsa nkhawa ncakuti pafupifupi masewera onse amene ana a ku Kapata amalipirira anapangidwa kutali, ku Japan, ku America ndi ku Ulaya. Osewera alipo ambirimbiri. Opanga ndiwo akusowa.

Ku Lusaka nkhani imeneyi inayambika kale ndithu. M'caka ca 2011, Lukonga Lindunda, Simunza Muyangana, Silumesii Maboshe ndi Bart Cornille anakhazikitsa malo ochedwa BongoHive, kumene acinyamata odziwa za makompyuta ankakumana kuti aphunzitsane zimene sanazipeze m'kalasi. Dzina lakelo likunena za bongo ndi mng'oma wa njuci, kutanthauza mitu yambiri yogwira nchito pamodzi. M'zaka zomwezo mnyamata wina wa m'dziko lino, Ifunga Ndana, anatulutsa masewera omenyana ochedwa The SCND Genesis: Legends, amene anawalemba m'cinenero ca makompyuta ca Java. Anthu anaona kuti Mzambia angathe kupanga cinthu cotere cikayenda bwinobwino.

Koma munthu mmodzi si mudzi. Amene anaona msanga kuti pafunika gulu anali mtsikana, Sithe Ncube, amene m'caka ca 2013 anayambitsa Ubongo Game Lab ku Lusaka, kusonkhanitsa acinyamata ofuna kuphunzira kupanga masewera. Analimbikira kwambiri kuti atsikana nawonso alowemo, pakuti m'tizipinda tosewerera tija mtsikana saoneka kawirikawiri, ndipo pambuyo pace anayamba nchito ina yochedwa Prosearium, colinga cace cili kulemba mbiri ya akazi 1,000 a mu Africa amene akupanga masewera. Anakhalaponso mmodzi wa okonza Global Game Jam m'cigawo cino ca Africa.

Global Game Jam imeneyi njofunika kuilongosola, cifukwa ndiyo njira imene magulu ambiri pa dziko lapansi anayambira. Inayamba m'caka ca 2009 ndipo imacitika m'mwezi wa January. Anthu amasonkhana m'malo osiyanasiyana pa dziko lonse nthawi imodzi, amapatsidwa mutu umodzi, nkugawana m'timagulu ta anthu atatu kapena asanu. Kagulu kalikonse kayenera kupanga masewera m'maola 48 okha. Zimene zimatuluka nthawi zambiri sizikhala zokongola, zina zimaima pakati, koma phindu lace lili pena: munthu amene anakhala caka cathunthu akulota yekha amacoka pamalopo atamaliza kanthu, ndiponso atadziwa anzace. Alimi adziwa bwino cimeneci. Munda umene ukanatenga mwezi umatha tsiku limodzi pa dima.

Tsono nchito yace njotani? Masewera alionse ali ndi malamulo, zithunzi, nyimbo ndi nkhani, ndipo pomaliza pafunika wina wolemba malangizo amene kompyuta idzatsata. Titenge nsolo. Mkulu amene wasewera zaka makumi anai saganiza nkomwe pamene dzanja lace likugawa miyala m'maenje. Kompyuta ilibe nzeru zotere. Iyenera kuuzidwa kuti mizere ndi inai, kuti wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri, kuti miyala imayenda kulowera mbali iti, kuti mwala womaliza ukagwera m'dzenje lakutilakuti cicitike nciani, ndiponso kuti munthu amadya liti miyala ya mnzace. Lamulo limodzi likaiwalika, masewera onse asokonezeka. Ndipo popeza malamulo a nsolo amasiyana pang'ono mudzi ndi mudzi, mnyamata wodziwa kompyuta sangacitire mwina koma kukakhala pansi ndi agogo ace, kope ndi pensulo m'manja. Pamenepo ndi pamene pamaonekera kuti nchitoyi si ya odziwa masamu okha. Wojambula zikwangwani za pa magolosale a mu Kapata ali ndi malo ace, woimba ng'oma ndi kalimba ali ndi malo ace, ndipo mai wodziwa nthano za Kalulu ali ndi cuma cimene ku Japan sangacigule.

Zida zogwirira nchito sizilinso zodula monga kale. Pulogalamu yochedwa Scratch, yopangidwa ku Massachusetts Institute of Technology ndi kutulutsidwa mu 2007, njaulere, ndipo mwana wa Giredi 6 angathe kuyendetsa nayo kanyama pa kompyuta tsiku loyamba lomwe. Kwa okulirapo kuli Godot, imene inaperekedwa kwaulere kwa anthu onse mu 2014. Njopepuka, imagwira ngakhale pa kompyuta yakale, ndipo tsopano ilipo ina yogwira pa foni ya Android. Ikakopedwa kamodzi sifunanso intaneti kuti munthu agwire nchito. Masewera akatha angaikidwe kwaulere pa itch.io. Wofuna kuwaika pa Google Play amalipira madola 25 kamodzi kokha, pamene pa Steam ndi madola 100 pa masewera alionse.

Mabvuto alipo, ndipo sikoyenera kuwabisa. Loyamba ndi magetsi. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, boma linalengeza m'mwezi wa February kuti dziko lili pa tsoka, ndipo pofika miyezi yotentha makomboni ambiri ankaona malaiti maola atatu okha pa tsiku. Laciwiri ndi makompyuta. Phunziro la makompyuta linalowa m'sukulu ndi silabasi ya 2013, koma pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso ace oyamba mu 2015, m'sukulu zina analemba mpaka usiku cifukwa ankadikirirana pa makina ocepa. Ana a kumidzi ya ku Chipangali, Kasenengwa ndi Vubwi adziwa tanthauzo la kuphunzira kompyuta pa bolodi. Intaneti yafikako kumalo ambiri, ndipo Starlink inayamba kugwira nchito m'dziko lino mu 2023, koma mtengo wace ngwolemera kwa munthu mmodzi. Zonsezi zikuloza ku cinthu cimodzi: cimene mmodzi sangathe, anthu khumi osonkherana angathe. Sola imodzi, batire imodzi ndi makompyuta atatu zikwanira kalabu yoyamba.

Ku Cameroon kuli citsanzo. Olivier Madiba ndi anzace a Kiro'o Games mu mzinda wa Yaoundé anabvutika zaka zambiri ndi kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa ndalama, mpaka anacita kupempha anthu kuti asonkhe. M'caka ca 2016 anatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, masewera ozikidwa pa miyambo ya mu Africa, ndipo anagulitsidwa pa Steam ku maiko akunja. Kuno kwathu, ngakhale si masewera, katuni ya Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, yonena za atsikana anai a mu Lusaka, inaonetsedwa pa Netflix mu 2023. Nkhani za kuno zili ndi msika.

Komabe makolo asauzidwe bodza lakuti mwana akayamba nchitoyi alemera mawa. Opanga masewera odziimira paokha ambiri, ngakhale ku Ulaya komwe, sapeza ndalama zokwanira kudyetsa banja. Cimene cili cotsimikizika ndi luso. Wophunzira kulemba malamulo a nsolo m'kompyuta waphunzira luso lomwelo limene limafunika popanga pulogalamu yowerengera matumba a nshawa pa kopaletivu kapena yosunga maina a odwala pa kiliniki.

Palinso cina cofunika kusamala. Mnyamata wa kuno akafuna nkhani ya masewera ace, maganizo amathamangira ku Nc'wala ya ku Mtenguleni, ku ulendo wa Zwangendaba woloka Zambezi mu 1835, kapena ku Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Mbiri ya Angoni njoyenera kufotokozedwa. Koma Gule ali ndi eni ace ndi zinsinsi zace, ndipo si cidole coti aliyense aziyendetsa ndi zala. Wofuna kukhudza za kudambwe ayambe wapita kwa anyakwawa ndi mafumu, ndipo akakanizidwa amve.

Ulendo wocoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo wacinyamata wa ku Kapata sangamakwere basi mwezi uliwonse kukafuna anzace. Malo ayenera kupezeka konkuno. Thumba la citukuko la CDF linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, ndipo mbali ina ya ndalamazo njothandizira makalabu a acinyamata ndi maphunziro a luso. Kalabu yolembetsedwa bwino, yokhala ndi wakumpando, mlembi ndi msungicuma, ili ndi ufulu wopereka pempho lace kudzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi, monga momwe amacitira oweta nkhuku ndi osoka zobvala. Ndipo kuti Chipata ilowe nawo mu Global Game Jam, cofunika ndi munthu wamkulu mmodzi wolembetsa malowo, cipinda ca sukulu kapena holo ya chalichi yobwereka kuyambira Lacisanu madzulo kufika Lamulungu, magetsi, intaneti, ndi wina wophika nsima.