Ndudu ndi fodya wa m'kamwa

Wosuta ndudu sabisika. Utsi umamuulula, chifuwa chimamuulula, ndipo akangoyatsa m'minibasi anthu amamudzudzula. Koma mayi amene wamanga kabotolo ka fodya pamfundo ya chitenje palibe amamunena. Amatsina pang'ono, n'kuika pakati pa mlomo wa m'munsi ndi nkhama, n'kupitiriza kupeta mgaiwa wake. Ku Karonga ndi ku Chitipa fodya wotere amati ngirimbo, ku Zambia amati nsunko. Ambiri amamuyesa wosaopsa poti alibe utsi.

Kunena za mapapo, sakulakwitsa kwenikweni. Utsi wa ndudu uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Umadwalitsa wosuta, umadwalitsanso mwana amene wagona pamphasa m'nyumba momwemo. Fodya woika m'kamwa sapweteka wokhala naye pafupi. Ndudu imawononganso m'kamwa: imadetsa mano, imabweretsa matenda a nkhama, ndipo imafinya timitsempha moti nkhama zodwala sizitulutsa magazi msanga, mwiniwake n'kumati zili bwino.

Kusiyana kwake n'kwakuti ndudu imatha m'mphindi zochepa, pomwe fodya wa m'kamwa amagonera pamalo amodzi nthawi yaitali, lero, mawa, chaka ndi chaka. Opera fodyayu amathiramo phulusa kapena soda kuti akhale waukali. Zimenezi zimachititsa kuti nikotini alowe msanga m'magazi, n'chifukwa chake chibaba chake n'chovuta kuchigonjetsa.

Pamalo pamene fodya amakhalapo, nkhama zimayamba kuphwa, muzu wa dzino n'kukhala pamtunda. Munthu akamwa madzi ozizira a mumtsuko amamva kulasa, ndipo nkhama zikaphwa chonchi sizimeranso zokha. Kenako pamabwera kachigamba koyera, kokwinyika, kosachoka ngakhale atakatsuka ndi mswachi. Ine kachigamba kameneka ndiko kamandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa sikawawa. Dzino likabooka munthu sagona, m'mawa amalawirira kuchipatala. Chigamba chosawawa amangochisiya, pomwe zina mwa zigamba zotere zimasanduka khansa.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France, linaika fodya wopanda utsi m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu lomwelo lomwe muli ndudu. M'fodyayu apezamo mankhwala oyambitsa khansa osachepera 28, ndipo khansa yake imagwira m'kamwa, kummero ndi kapamba. Kuno ku Malawi khansa ya kummero ndi imodzi mwa zofala kale.

Machenjezo ambiri amanena za ndudu, koma kabotolo ka agogo kalibe chenjezo lililonse. Mdzukulu angathe kuwapempha kuti akokere mlomo pansi padzuwa, aone pamene amaika fodya paja. Akapeza chigamba choyera kapena chofiira, kapena chilonda chomwe chatha masabata awiri osapola, apite nawo kwa dokotala wa mano ngakhale iwo akunena kuti sakumva kuwawa.